Mkaka unandikana kalekale, nanga mapiritsi okhala ndi lactose ndizimwabe?

Nachisale_Ngabu
Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru, mutu wanga waima. Chaka chatha anandipeza ndi ulcerative colitis, matenda a zilonda za m'matumbo aakulu, ku Gulupu atandiunika ndi kachubu ka kamera kaja. Ndisanafike kumeneko ndinali nditamwa Flagyl osawerengeka, aliyense akuti ndi kamwazi. Panopa ndimamwa mesalazine wa 400 mg, mibulu 6 patsiku. Matenda atabukanso milungu inayi yapitayo anandiwonjezera prednisolone. Ndinayamba ndi mibulu 8 m'mawa uliwonse, tsopano ndafika pa 6.

Vuto langa ndi ili. Ine mkaka unandikana kalekale. Ndikangomwa kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe, ola lisanathe mimba yafufuma ngati ng'oma, ikulira moti wokhala naye pamphasa amachita kumva, kenako ulendo wa kuchimbudzi. Dzulo mwana wa mchemwali wanga wa Fomu 4 amawerenga kapepala ka m'bokosi la mesalazine, n'kupeza mawu akuti lactose monohydrate. Akuti ameneyo ndi shuga wa mumkaka. Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikudzithira ndekha chinthu chondidwalitsa? Masiku anonso mimba ikufufuma kwambiri. Lero sindinamwe piritsi ngakhale limodzi. Tsiku langa la ku Blantyre latsala milungu itatu. Ndidikire kapena nditani?

Kabaza_Dyeratu
Mwachita bwino amayi. Chinthu chikakukana chakukana basi, kaya chabwera m'kapu kaya chabisala m'piritsi.

Mgawamankhwala
Achemwali a Nachisale, musanawerenge china chilichonse pano, dzukani mukamwe prednisolone wanu wa lero. Panopa, osati mawa. Za lactose tikambirana mukamwa. Achimwene a Kabaza chonde, iyi si nkhani yomata chubu cha njinga.

Kabaza_Dyeratu
Haa, ndalakwa chiyani ine? Munthu wafunsa, ndayankha.

NamwinoWopuma_Nsanje
Mwalakwa ndithu mwana wanga, ngakhale mumafuna kuthandiza. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi munthu akamwa kupitirira milungu itatu. Pamwamba pa impso zathu pali tizigawo tiwiri timene timapanga cortisol, chinthu chimene chimagwiriziza BP ndi mphamvu za thupi. Munthu akamamwa prednisolone tizigawoto timaona kuti ntchito yake ikugwiridwa ndi wina, ndiye timagona. Kuchepetsa mibulu sabata ndi sabata kuja n'kutidzutsa pang'onopang'ono. Mukadula kamodzinkamodzi thupi limatsala manja lende: kufooka, chizungulire, kusanza, BP kugwa. Onjezanipo kutsegula m'mimba ndi dzuwa la ku Ngabu la October lino, munthu akhoza kukomoka ali pakhonde pake pomwe. Matenda a m'matumbowonso amabwerera ndi ukali woposa poyamba. A Nachisale, mwamwa?

Nachisale_Ngabu
Ndamwa mayi, ndamwera phala. Takhuta kwambiri. Koma mtima sunakhale pansi, funso langa likadalipo.

Mgawamankhwala
Chabwino, tsopano tikambe. Mwana wa mchemwali wanu sananame. Lactose ndi shuga wa mumkaka, ndipo ali m'mapiritsi ambiri zedi, osati anu okha. Chifukwa chake n'chapafupi. Tengani prednisolone wa 5 mg. Mankhwala enieni m'menemo ndi kaufa kochepa moti mutakaika pachala simungakaone bwino. Kuti kakhale mbulu woti munthu n'kuugwira, kuuwerenga ndi kuumeza, opanga amasakaniza ndi ufa wina wopanda mphamvu ya mankhwala. Pakapepala kaja ufa umenewu amaulemba pansi pa mawu oti excipients. Nthawi zambiri ndi lactose, sitachi wa chimanga, cellulose ndi magnesium stearate. Lactose amamukonda chifukwa ndi wotchipa, sachedwa kusungunuka, ndipo amaumbika bwino m'makina.

Nkhani yagona pa kuchuluka kwake. Mkaka wa ng'ombe uli ndi lactose pafupifupi magalamu 5 pa 100 ml. Kapu ya 250 ml imene imakufufumitsani ija ili ndi magalamu 12. Tsopano mapiritsi anu. Mtundu wa mesalazine wa 400 mg umene ndimaudziwa kuti uli ndi lactose, mbulu umodzi uli ndi pafupifupi 76 mg. Mibulu 6 sikwana theka la galamu, ndiye kuti ngati timasupuni tiwiri ta tiyi ta mkaka, tsiku lonse. Prednisolone wa 5 mg ndi kambulu kakang'ono, kulemera kwake konse sikupitirira 200 mg. Ngakhale titanamizira kuti konseko ndi lactose yekhayekha, mibulu 6 ingangopitirira galamu imodzi pang'ono. Zonse pamodzi simukufika magalamu 2, ndipo simukumwa nthawi imodzi.

Anthu ambiri amene mkaka umawavuta amatha kupirira lactose wochepa chonchi osamva kanthu. Enzyme yogaya lactose, yotchedwa lactase, imachepa m'thupi koma kawirikawiri siitheratu. Zili ngati chigayo chakale, thumba lathunthu chimatsamwa nalo koma kambale kamodzi chimagaya.

MaiWaMapasa
Inu a famase mumakonda masamu. Amuna anga ali ndi matenda omwewa zaka zisanu tsopano. Nthawi ina anawasinthira mapiritsi, oyamba anali ofiirira, atsopanowo amtundu wina, dzina la mankhwala lomwelo. Sabata isanathe anayamba kuthamangira kuchimbudzi kasanu ndi kawiri patsiku. Titabwerera pachipatala china chimene sinditchula, munthu wa pawindo anangoti zili m'mutu mwanu bambo, mankhwala ndi amodzimodzi. Tinachita kugulitsa mbuzi kukagula akale aja ku Blantyre, ndipo anachira. Ndiye musamatiuze kuti ufa winawo ulibe kanthu. Amene amagona ndi wodwala ndi amene amadziwa.

Mgawamankhwala
Amayi a mapasa, sindikutsutsa zimene munaona, ndipo wa pawindoyo sanayankhe bwino. Koma taonani kuti pali zinthu zingapo zimene zikanachititsa. Mesalazine si mankhwala oti mungasinthe mtundu mwachisawawa ngati Panado. Mtundu uliwonse uli ndi chikutiro chake, ndipo chikutirocho ndi chimene chimasankha malo amene mankhwala atulukire m'matumbo. Ena amayamba kutuluka atangodutsa chifu, ena amadikira mpaka kumapeto kwa matumbo aang'ono. N'chifukwa chakenso mapiritsi amenewa saphwanyidwa kapena kutafunidwa. Ndiye n'kutheka kuti mtundu watsopanowo sumafika bwino pamene pali zilonda za bambo. N'kuthekanso kuti unalidi ufa wina umene thupi lawo linaukana. Alipo anthu ochepa amene amamva ngakhale lactose wochepa kwambiri, makamaka ngati akumwa mapiritsi ambirimbiri patsiku amitundu yosiyana, onse okhala ndi lactose. Chimene ndikukana n'chakuti munthu angoona mawu pakapepala n'kusiya mankhwala.

MaiWaMapasa
Bola mwavomera kuti zimachitika. Mbuzi yanga ija sinapite pachabe.

MwiniKhola_Ngabu
Ine ndili ndi funso lina. Mkaka ungakane bwanji munthu wa ku Ngabu? Ife takula ndi ng'ombe, abusa amakama m'tchire momwemo n'kumwa. Matenda awa abwera ndi mafoni anuwa. Achemwali, wiritsani mkakawo bwinobwino, mwina mumamwa wosaphitsa.

NamwinoWopuma_Nsanje
Kuwiritsa kumapha tizilombo bambo, ndipo n'kofunika chifukwa mkaka wosaphitsa umatha kupatsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Koma lactose sachoka ndi moto. Muwiritse mpaka mphika upserere, shugayo ali momwemo.

Aphunzitsi_EastBank
A MwiniKhola, kukhala ndi ng'ombe ndi kugaya mkaka ndi zinthu ziwiri. Mwana aliyense amabadwa ndi lactase wambiri chifukwa chakudya chake ndi bere. Akasiya kuyamwa, thupi limayamba kuchepetsa. Umu ndi mmene zilili kwa anthu akuluakulu pafupifupi awiri mwa atatu alionse padziko lonse. Amene amakhalabe ndi lactase mpaka ukalamba ndi a mitundu imene yakhala ikudalira mkaka kwa zaka masauzande, monga Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, Afulani a kumadzulo kwa Africa, ndi azungu a kumpoto kwa Ulaya. Kunena zoona, odabwitsa ndi iwowo, osati ifeyo. Tafunsani abusa anuwo ngati mimba sizilira madzulo. Ambiri amangoti ndi nyemba.

MwiniKhola_Ngabu
Aphunzitsi mwandichititsa manyazi pagulu kkkk. Koma chambiko ndiye sichivuta munthu, apo musanditsutse.

Aphunzitsi_EastBank
Apo tili limodzi pang'ono. Mkaka ukamasasa, tizilombo tabwino timadya gawo lina la lactose n'kulisandutsa asidi, kuwawasa kuja. Ndiye chambiko ndi yogati zimapepuka m'mimba kuposa mkaka wamadzi. Koma gawo lina, osati yense. Ine theka la kapu ya chambiko ndimamwa bwinobwino ndikadya nsima, kapu yodzaza ndimalipira usiku.

Poti ndayamba, ndinene zanga. Ine ndili ndi Crohn, osati colitis ngati achemwali a Nachisale. Dzinali ndi la dokotala wa ku New York, Burrill Crohn, amene analemba za matendawa ndi anzake mu 1932. Kusiyana kwake n'kofunika pankhani ya mkaka. Ulcerative colitis imagwira matumbo aakulu okha, kuyambira kotulukira chimbudzi kukwera m'mwamba. Crohn imatha kugwira paliponse kuyambira m'kamwa, koma imakonda matumbo aang'ono. Ndipo lactase amapangidwa m'matumbo aang'ono momwemo, pakhungu la m'kati. Ndiye ine matenda akabuka, ngakhale kamkaka ka mu tiyi kamandivuta. Akazizira miyezi ingapo, ndimapezeka ndikumwanso pang'ono popanda vuto. Zomwezi zimachitika kwa munthu aliyense akadwala kutsegula m'mimba kwambiri kapena tizilombo ta m'matumbo totchedwa giardia, khungu lija limakalika ndipo mkaka umamukana kwa milungu ingapo.

Kwa achemwaliwa, colitis siiwononga lactase. Vuto lawo la mkaka ndi lachibadwa, linalipo kale. Kungoti lactose wosagayika akafika m'matumbo aakulu amakoka madzi, tizilombo timamudya n'kutulutsa mpweya, ndipo zonsezi zikuchitikira pamalo pamene pali kale zilonda. Ululu wake umakhala wowirikiza.

Ine ndimamwa azathioprine, ndipo nayenso ali ndi lactose, ndinawerenga. Zaka zitatu tsopano, sanandivutepo. Chimene chimandivuta ndi ulendo wokayezetsa magazi, chifukwa mankhwalawa amafuna kuwunika maselo a magazi ndi chiwindi pafupipafupi. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 kuno ku East Bank tinadulidwa msewu, ndinatha masiku ndikuwerenga mibulu yotsala ngati ndalama. Pamenepo za lactose sindinaziganize n'komwe.

Mbuya_Tengani
Ana inu, matenda otuluka magazi kumbuyo osamva mankhwala a kuchipatala, kwathu kuno timadziwa kuti pamakhala dzanja la munthu. Mwanayu apite akaonedwe kwa akuluakulu. Mapiritsi a azungu nkhabe.

Kabaza_Dyeratu
Mbuya ayamba kkkkk.

Mlonda_wa_Gulu
A Kabaza, ulemu kwa akulu. Mbuya, lamulo la gulu lino mukulidziwa: munthu ali ndi ufulu wopemphera kapena kufunsa kwa makolo, koma sitiuza wodwala kuti asiye mankhwala. Tibwerere ku funso.

NamwinoWopuma_Nsanje
Mbuya, mawu anu ndawamva, koma ndiyankheko mwaulemu. Chimene chimapangitsa anthu kuganiza za dzanja la munthu n'chakuti matendawa amachedwa kudziwika. Kuno kuchigwa munthu akabwera ndi chimbudzi cha magazi, ife timayamba kuganiza za kamwazi, amoeba, ndi likodzo la m'matumbo, poti anthu athu amakhalira m'madzi a Shire ndi m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi kuwedza, kuchapa ndi kukumba nyika. Kenako TB ya m'mimba, imene imafanana kwambiri ndi Crohn moti ngakhale madokotala aakulu amavutika kusiyanitsa. Sikulakwa kuyambira pamenepo, chifukwa amenewo ndi amene achuluka. Koma zikatha zonsezo munthu osachira, pamafunika kamera ndi kudula kanyama kokayeza, ndipo pofika apo papita zaka, banja latha kale mbuzi ndi nkhuku kwa asing'anga. Si ufiti, ndi chitetezo cha thupi chimene chasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi matumbo a mwini wake.

Ndipo a Nachisale mumvetse ichi. Lactose amafufumitsa, amaliza mimba, amatsegula m'mimba. Koma satulutsa magazi, satenthetsa thupi, sachititsa zilonda. Mukaona magazi kapena mafinya, ameneyo si mkaka.

WakuJoni_Bangula
Kuno ku Johannesburg mavuto amenewa ndi ochepa. M'mashopu muli mkaka wochotsedwa lactose, ndipo ku famase amagulitsa mapiritsi a lactase oti umamwa usanadye za mkaka. Sisi, ngati mukufuna ndingapatsire a mabasi mwezi wamawa. Kapenanso bwanji osapempha mankhwala amadzi m'malo mwa mapiritsi? Ana amamwa amadzi aja.

Mgawamankhwala
Mapiritsi a lactase amathandizadi ena pamene akufuna kumwa mkaka, koma kuwagulira chifukwa cha theka la galamu la m'mankhwala n'kuwononga ma rand anu achimwene. Za mankhwala amadzi samalani. Ambiri amawatsekemeretsa ndi sorbitol, ndipo sorbitol amatsegula m'mimba mwa munthu aliyense akachuluka, kaya mkaka umamuyanja kaya ayi. Mukhoza kuthawa lactose wochepa n'kukagwera m'dzenje lalikulu.

Poti tikukamba za mayina pakapepala, pali ena amene amasokoneza. Lactulose ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, amaperekedwa kwa odzimbidwa. Lactic acid ndi lactate si lactose, musaope mukawaona. Komanso pali anthu amene thupi lawo limadana ndi puloteni wa mumkaka, amatuluka zidzolo, milomo kutupa, kubanika. Amenewo ndi matenda ena, ndipo kwa iwo ngakhale kadontho n'koopsa, ayenera kuuza dokotala asanalandire mankhwala alionse. Achemwali, inu zoterezi zinakuchitikiranipo?

Nachisale_Ngabu
Ayi, zidzolo kapena kutupa milomo sizinandichitikirepo. Ndi mimba yokha.

Koma ndiye ngati si mapiritsi, n'chiyani chikundifufumitsa masiku ano? Mkaka wa ng'ombe ndinasiya zaka zambiri. M'mawa ndimamwa phala la mgaiwa, apongozi anga amandithirira mkaka wa ufa masupuni atatu kuti ndibwezere thupi poti ndinaonda kwambiri. Masana nsima ndi makakana kapena masamba. Madzulo tiyi, mkaka wa ufa womwewo pang'ono. Palibe chachilendo.

Aphunzitsi_EastBank
Achemwali, tawerenganinso zimene mwalembazi.

Nachisale_Ngabu
Chiyani? Wa ufa uja? Koma uja si wa ng'ombe weniweni, ndi wa m'chitini.

MwiniKhola_Ngabu
Kkkkk achemwali, mumayesa chitini chimakamidwa? Ng'ombe yomweyo, angoumitsa.

Mgawamankhwala
Musawaseke, anthu ambiri amaganiza choncho. Achemwali, mkaka wa ufa ndi mkaka wa ng'ombe wochotsedwa madzi okha. Lactose yense amatsala, ndipo poti madzi achoka amakhala wothinana. Kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ufawo ndi lactose. Masupuni aakulu atatu odzaza ndi ofanana ndi pafupifupi kapu yathunthu ya mkaka wamadzi. Ndiye phala lanu la m'mawa lokha lili ndi lactose wochuluka kangapo kuposa mapiritsi anu onse a tsiku lonse. Apongozi anayamba liti kukuthirirani?

Nachisale_Ngabu
Mayo ine. Anayamba nditangobwera kuchokera ku Blantyre, milungu inayi yomweyi. Ndipo ndi nthawi yomweyo imene kufufumaku kunakula. Ine ndimaloza mapiritsi atsopanowo.

MaiWaMapasa
Apongozi achikondi amenewo, musakawakalipire. Anga sanandithirirepo ngakhale shuga.

Kabaza_Dyeratu
Ndiye amene anapalamula ndi chitini, piritsi n'kutsala pang'ono kumangidwa. Ndabweza mawu anga a m'mawa aja amayi, pepani.

NamwinoWopuma_Nsanje
Tisafulumire kuweruza mlandu. Mkaka wa ufa ukhoza kukhala gawo lalikulu la kufufumako, koma munthu amene matenda abuka amafufuma ngakhale popanda mkaka. Njira yodziwira ndi yophweka. Siyani mkaka wamtundu uliwonse milungu iwiri, mapiritsi osasiya ngakhale tsiku limodzi. Tengani kope la mwana wasukulu, muzilemba tsiku lililonse zimene mwadya, kangati mwapita kuchimbudzi, munali magazi kapena ayi, munadzuka usiku kapena ayi. Musinthe chinthu chimodzi chokha, mukasintha zinayi nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Kopelo mukapite nalo limodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

Samalaninso zinthu zokhala ndi mkaka wobisika: mabisiketi ena, chokoleti, ayisikilimu, ndi chiponde chija amapatsa ana onyentchera, muli mkaka wa ufa wambiri m'menemo. Ndanena chiponde dala, chifukwa munthu akaonda achibale amakonda kumupezera.

Koma pali china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa mphepo ya m'mimba. Prednisolone amafooketsa mafupa, ndipo matenda a m'matumbo okhanso amatero. Mukachotsa mkaka muyenera kupeza calcium kwina. Mwayi wake kuno tili nazo. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, ngati ikukukalani m'mimba sinjani ikhale ufa muzithira m'phala kapena m'ndiwo. Masamba a sangowa, bonongwe, nkhwani, ophika mpaka afewe. Soya alibe lactose ngakhale pang'ono, ndiye ufa wa soya m'phala ungalowe m'malo mwa chitini cha apongozi, koma yambani pang'ono poti nayenso amapatsa mphepo anthu ena. Thobwa la mapira lilibe mkaka. Mazira, nsomba, nyama yofewa, zonsezo zibwezeretsa thupi. Mukafika kwa dokotala mufunse ngati mukufunika mapiritsi a calcium ndi vitamin D pamene muli pa prednisolone.

MwiniKhola_Ngabu
Nanga wa mbuzi? Anthu amati ndi wopepuka.

Aphunzitsi_EastBank
Ndinayesa, ndinathamanga chimodzimodzi. Lactose wake ndi wocheperako pang'ono chabe, magalamu 4 ndi kanthu pa 100 ml.

Mnyamata_wa_Mzimbe
Pepani kulowerera. Ine bambo anga ali ndi colitis, amamwa sulfasalazine poti ndi amene timakwanitsa. Vuto lathu ndi loti mankhwala amabwera m'kathumba ka pulasitiki kolembedwa dzina ndi kamwedwe basi. Bokosi sitiliona, kapepala sitikaona. Mwezi uno achikasu owala, mwezi wamawa achikasu oderako. Munthu angadziwe bwanji zimene zili m'kati? Komanso mkodzo wawo umakhala wa olenji, amayi akuti ndi chiwindi.

Mgawamankhwala
Mkodzo wa olenji ndi khalidwe la sulfasalazine, ndi utoto wa mankhwalawo, ngakhale thukuta limatha kudetsa malaya. Chizindikiro cha chiwindi ndi maso kuchita chikasu, mukaona zimenezo thamangani. Afunseninso ngati akulandira folic acid, chifukwa sulfasalazine amachepetsa folate m'thupi.

Za kathumbako mwakhudza pamene pamatipweteka nafenso. Mankhwala amabwera m'zitini zazikulu za mibulu 1000, ife timawerengera anthu m'timathumba, ndipo kampani yopanga imasintha malinga ndi amene wapambana tenda. Chimene mungachite ndi ichi. Polandira, pemphani mwaulemu kuti akuonetseni chitini kapena bokosi, mujambule ndi foni dzina la kampani ndi nambala ya batch. Mukaona kuti mtundu wina ukuwavuta bambo, muli ndi umboni m'manja, osangoti achikasu aja. Mzere ukakhala wautali wa pawindo akhoza kukwiya, ndiye bwererani masana anthu atachepa. Ngati mankhwala akukayikitsa, asintha fungo kapena akufumbutuka, ofunika kuuzidwa ndi a famase omwewo, ndipo iwo amatha kukanena ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno.

Ndipo poti kutentha kwafika, mapiritsi ambiri amalembedwa kuti asungidwe pansi pa madigiri 25 kapena 30. Kuno October ndi November timapitirira 40. Musawasiye pawindo kapena pafupi ndi malata. Ikani m'kabotolo kotseka bwino, pansi, pakona yozizira pafupi ndi mtsuko wa madzi koma asanyowe. Amene mumagwiritsa mesalazine wolowetsa kumbuyo samalani kwambiri, ameneyo amasungunuka ndi kutentha.

Kabaza_Dyeratu
Kutentha kwa chaka chino ndiye kwanyanya. Dzulo pa Dyeratu mpando wa njinga umawotcha moti kasitomala anakana kukwera.

WakuJoni_Bangula
Inu mukudandaula kutentha, ife kuno tikusowa makakana. Wina anditumizireko.

Mlonda_wa_Gulu
Za makakana kambiranani ku inbox.

Nachisale_Ngabu
Ndili ndi funso lomaliza, musatope nane. Mawondo ndi akakolo amandiwawa matenda akabuka, ndiye ndimagula Brufen pagolosale. Komanso ndikakhala ndi ulendo ndimamwa timakapisozi toletsa kutsegula m'mimba kuti ndisachite manyazi m'minibasi. Amenewanso ali ndi lactose?

NamwinoWopuma_Nsanje
Mwana wanga, apa ndiye mwanditulutsa thukuta. Lactose wa m'menemo musiyeni, vuto ndi mankhwalawo. Brufen, diclofenac, Indocid ndi anzawo amatha kubutsa colitis, ndipo kuphatikiza ndi prednisolone amatha kuboola chifu. Lekani lero. Mafupa akawawa imwani Panado, ndipo mukamuuze dokotala, chifukwa kuwawa kwa mfundo za mafupa ndi mbali ya matenda omwewa. Timakapisozi ta loperamide tija n'toopsa pamene mukutuluka magazi kapena thupi likutentha. Timaimitsa matumbo otupa, ndipo matumbo aakulu amatha kufufuma mpaka kuphulika. Manyazi a m'minibasi ndimawamvetsa, ndinaperekezapo odwala pa Thabwa ndikudziwa kuti palibe poima. Koma bola kunyamuka musanadye, kuvala thewera la akulu kapena kukhala pafupi ndi chitseko. Tsono ndiuzeni zoona, magazi akutulukabe?

Nachisale_Ngabu
Akutuluka mayi. Anachepa sabata yachiwiri, koma masiku anayi apitawa abwereranso. Dzulo ndinapita kasanu ndi kamodzi, kawiri usiku.

NamwinoWopuma_Nsanje
Ndiye milungu itatu ija iwalani. Munthu amene ali pa prednisolone n'kumatulukabe magazi kasanu ndi kamodzi patsiku sadikira tsiku la pabuku. Mwina ndi Brufen uja, mwina mankhwala akuchepa mphamvu pamene mukutsitsa mibulu, mwinanso mwatenga tizilombo tina pamwamba pa matendawa, poti prednisolone amatsitsa chitetezo. Zimenezo zimadziwika poyeza chimbudzi ndi magazi, osati pagulu pano. Mawa m'mawa mukhale pachipatala, akakuyezeni ndipo akulembereni kalata yokwera nayo kumtunda ngati pakufunika. Usiku uno imwani Thanzi pang'onopang'ono. Thupi likatentha, mtima ukamathamanga kapena mimba ikauma gwa, musadikire kuti kuche.

Aphunzitsi_EastBank
Mutenge mabokosi onse, ndi Brufen yemwe, ndi chitini cha mkaka ngati n'kotheka. Dokotala akaona ndi maso amamva msanga kuposa kumufotokozera. Ndipo ngati mtima wanu sukukhazikikabe pa lactose, muuzeni. Ulipo mesalazine wopanda lactose, Pentasa ndi mmodzi, kungoti kupezeka kwake ndi mtengo wake ndi nkhani ina. Iyeyo ndi amene angasankhe ngati kusintha kukuyenera malo amene zilonda zanu zili.

Mbuya_Tengani
Pitani mwana wanga. Ife tikhala tikupemphera kuno.

Nachisale_Ngabu
Abale, ndabwerako. Ndinapita Lachiwiri monga munanenera. Ayeza chimbudzi ndi magazi, akuti magazi achepa ndithu. Andiuza kuti ndisatsitsenso prednisolone mpaka ndionane ndi adokotala anga, ndipo andilembera kalata, Lachisanu ndikukwera. Brufen ndataya m'chimbudzi. Mkaka wa ufa ndasiya masiku atatu tsopano, kufufuma kwachepa moti chitenje chikumangika bwino, koma magazi akadalipo. Apongozi anakhumudwa pang'ono, akuti chitini anagula ndi ndalama za thonje. Ndawauza kuti azimwa okha, ndipo dzulo ndawamva akudandaula kuti mimba ikuwalira.

Alipo akudziwa kuti minibasi yoyamba ya ku Blantyre imadutsa pa Ngabu nthawi yanji masiku ano? Ndikufuna ndikadutse Thabwa dzuwa lisanakwere.

Kabaza_Dyeratu
Mukhale pasiteji 4 koloko isanakwane amayi, za ku Nsanje zimadutsa kukadali mdima. Mukhale kutsogolo, ndipo muwauze a kondakitala zoona zake, ambiri amamva.